Chipeso Chothyoka Dzino cha Abiti Saidi

Dzulo tinali pa arubaini ya Abiti Saidi, sadaka ija Asilamu amachita pakatha masiku makumi anayi munthu ataikidwa m'manda. Anthu sanachuluke. Malemuwo analibe wachibale kuno ku Mangochi, ndiye mpunga tinachita kusonkherana ife owadziwa. Ine ndine wa kutchalitchi, choncho ndinakhala kumbuyo kwa amayi a kumzikiti, osadziwa poyankha mapemphero. Mwendo wanga unkangogwedera. Mayi wina anandigwira bondo n'kundinong'oneza kuti ndatengera malemu, ndipo tonse awiri tinaseka pamalo posayenera kuseka.

Mayiyo sananame. Abiti Saidi ndi mphasa sankamvana. Akakhala pansi ankadzukanso asanafunditse pomwe akhalapo, kukasuntha mphika womwe unali bwinobwino, kuthamangitsa nkhuku yomwe sinawalakwire, kusuzumira kumsewu. Pocheza nanu maso awo ankakhala kuseri kwa phewa lanu, kuyang'ana amene akutsika pa mlatho. Koma munthu wosakhazikika chonchi anatha zaka zoposa makumi awiri pansi pa mgwalangwa umodzi wopendekeka, kumapeto kwa mlatho wa Shire, akuumba miphika ndi kudikira mwana wawo. Pa zaka zonsezo anachokapo kamodzi kokha, masiku asanu ndi anayi. Masiku amenewo ndi amene akundilembetsa izi, chifukwa inenso ndili nawo mlandu.

Tinadziwana pa zenera la mankhwala. Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambiki inali itafika povuta, anthu akuwoloka malire usana ndi usiku, ena kupita kumisasa, ena kupempha malo m'midzi ya kwa Mponda. Ine ndinkagawa mapiritsi pa kachipatala kena. Pamzere pankamveka Chiyao cha kutsidya, Chimakuwa, Chipwitikizi pang'ono, ndipo ambiri mwa anthuwo sanapondeko m'kalasi. Akuluakulu athu anaganiza zotithandiza, natitumizira timapepala tokulungira mankhwala tokhala ndi zithunzi: dzuwa latheka, dzuwa lathunthu, dzuwa lathekanso. Tinkanyadira timapepalato kwambiri.

Tsiku lina mayi wamfupi, wouma thupi, dongo lili m'zikhadabo, anandibwezera kapepala pazenerapo.

"Amwali, kwanu kumatuluka madzuwa atatu?"

Ndinawafotokozera modzimva kuti ili ndi la m'mawa, ili la masana, ili la madzulo. Iwo anatembenuza kapepalako mutu pansi n'kundiuza kuti ndilozenso la m'mawa. Ndinaloza la madzulo. Mzere wonse unandiseka. Kenaka anandiuza kuti nkhalamba ina yoyandikana nawo inkamwa mapiritsi onse atatu dzuwa likawala, ndipo tsiku la mitambo sinkamwa konse, poti pepala silinanene za mitambo. Anandilanda cholembera, anachigwira ngati mpini wa khasu, n'kujambula tambala, munthu ataponda mthunzi wake, ndi nyale ya koloboyi. Anapatsira kapepalako anthu atatu a pamzerepo osalankhula kanthu, ndipo atatu onsewo ananena zolondola. Ndinakwiya nawo sabata yathunthu, koma zithunzi zawozo ndinazigwiritsa ntchito mpaka pamene ndinapuma.

Ilo ndilo linali lamulo lawo. Chizindikiro chilichonse ankachiyesa pa anthu atatu osawadziwa, iwo atatseka pakamwa, ndipo kutseka pakamwa kwa Abiti Saidi inali ntchito yaikulu. Mmodzi akaphonya, ankafufuta ndi phazi n'kuyambiranso. Ankati zilembo ndi mlendo wofuna womasulira, koma chithunzi chabwino chimalowa m'nyumba chokha osagogoda. Ankatinso chithunzi chonama n'choipa kuposa malo opanda kanthu, chifukwa munthu amachikhulupirira msanga ngati mmene amakhulupirira maso ake. Anajambulira a pamsika chizindikiro cha madzi akumwa ndi cha madzi otsukira nsomba. Anajambula mano a ng'ona pamwala wa padoko pomwe ana ankakonda kusambira. Palibe anawalemba ntchito imeneyi. Ankangoona pomwe anthu akusokonezeka n'kufika ndi khala m'manja.

Tambala uja anawayambanitsa ndi ashehe. Ashehe anawaitanitsa n'kuwakumbutsa kuti Msilamu sajambula chinthu chopuma. Abiti Saidi anabwerako akuwira ngati mphika wa nyemba, akunena kuti ashehewo akadwala azidzamwa mankhwala powerenga nyenyezi. Koma m'mawa mwake anafika pazenera panga ndi zithunzi zina. M'malo mwa tambala anajambula phazi la tambala, timizere titatu ndi kachala kumbuyo. M'malo mwa munthu anajambula nsapato ziwiri zitaponda kamthunzi kozungulira. Anthu atatu anamva msanga kuposa poyamba. Mpaka imfa yawo sanavomere kuti ashehe anawathandiza, ankati anangotopa kujambula nthenga. Ashehe omwewo atakalamba ankalandira mapiritsi a mtima okulungidwa m'kapepala ka phazi la tambala, ndipo Abiti Saidi ankawafunsa pamsewu ngati aona kale phazi lero.

Nkhani ya mwana anandiuza patapita chaka, osandiyang'ana, akukulungiza mtsuko ndi mwala. Dzina lake Siyatu, mtsikana wongotha kumene msinkhu. Pothawa nkhondo ija anafika pamtsinje wina wodzaza, mfuti zikulira kumbuyo. Bwato linali limodzi. Iwo ndi amuna awo, Che Amadu, anakankhidwira ulendo woyamba, Siyatu anatsalira wachiwiri, ndipo bwatolo silinabwererenso. Dzina analembetsa m'mabuku onse a ofufuza otayika, koma mabukuwo sankawakhulupirira. Ankati Siyatu sadziwa kuwerenga, ndipo buku siliyenda lokha kupita kumsika.

Chomwe chimayenda chokha ndi mphika. Ndiye pakhosi pa mphika uliwonse, dongo lisanaume, ankajambula ndi minga zinthu zitatu. Choyamba chinali chipeso cha mano asanu, dzino lapakati lothyoka. Chipeso chimenecho chinaliko ndithu kwawo, chansungwi, ndipo anachithyola ndi Siyatu ali wamng'ono pokana kupesedwa tsitsi. Chachiwiri chinali mlatho, madzi akuyenda pansi pake. Chachitatu mgwalangwa wopendekeka. Kwa ife zinali zokongoletsa chabe. Kwa munthu mmodzi padziko lonse zinkati amako ali moyo, ali pamlatho, pansi pa mtengo wotere.

N'chifukwa chake malonda awo anali a mtundu wake. Wogula asanagwire mphika ankamufunsa komwe ukupita. Ukati pompano pa Mponda, ankakuuza kuti mphikawo uli ndi mng'alu, pomwe unali wabwinobwino. Ukati ku Makanjira, ku Monkey Bay kukakwera sitima, kapena kumisasa ya kumalire, ankakusankhira wokongola kwambiri n'kukuwonjezera wina waulere, kenaka kukuperekeza mpaka pa lole akukulangiza kuti uziphikira panja, pomwe odutsa angaone. Ine ndakhala mnzawo zaka zonsezi koma m'nyumba mwanga muli mphika wawo umodzi wokha, wopindika, womwe anachita manyazi kuutumiza kutali.

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. Che Amadu, munthu wofatsa wosoka maukonde, anamanga katundu. Anawauza akazi awo kuti ngati Siyatu ali moyo adzabwerera kumudzi ngati wina aliyense, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Anakangana mwezi wathunthu. Pomaliza Abiti Saidi anagonja, tinawatsanzika, ine ndinalira. Mlatho wa nthawi imeneyo unali wopapatiza, magalimoto ankawoloka mosinthana, ndiye lole yawo inaima pamzere moyang'anana ndi mgwalangwa. Ndinaona mtolo ukugwa pansi, kenaka mwini wake akutsika chafutambuyo, Che Amadu atagwira nsonga ya chitenje chawo.

"Miphika yonse ija ikunena kuti ndili pano. Mukaiitane ibwerere, ndikwera."

Che Amadu anasiya chitenjecho. Sanali munthu woipa, ankangofuna kukafera pamunda wa makolo ake, ndipo anakaferadi komweko. Ankatumiza uthenga ndi amalonda kuti kumudzi Siyatu sanafike. Abiti Saidi uthengawo ankaulandira ngati wabwino, ankati ndiye kuti ali m'njira yobwera kuno.

Panali patapita miyezi ingapo chichokere amuna awo, malole a obwerera akadali kudutsa apo ndi apo, pamene Che Duwa, wa boti yonyamula usipa wouma, anatsika padoko ndi kamphika kokulungidwa m'thumba. Anati anakagula pamsika wina kuseri kwa Makanjira, kwa mayi wongogulitsa, osati woumba, chifukwa anaona chizindikiro cha Abiti Saidi pa mphika womwe sunali wa Abiti Saidi. Ndinalipo tsiku limenelo. Dongo lake linali lofiira, la kwina. Pakhosi pake panali chipeso cha mano asanu chothyoka pakati, ndipo pambali pake tizipeso tiwiri tating'ono.

Abiti Saidi anakhala pansi. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala osagwedezeka. Anayendetsa chala m'kati mwa kamphikako n'kunena kuti anakulungiza ndi munthu wamanzere, ndipo Siyatu anali wamanzere. Anati tizipeso tiwirito ndi zidzukulu zawo. Kenaka anadzuka n'kuyamba kumukalipira mwanayo ngati ali pomwepo, kuti anamuphunzitsa kuumba koma nzeru sanatenge, wajambula anthu osajambula malo, phiri kapena mtengo, ndiye munthu akamufunefune kuti.

Ndine amene ndinawauza kuti apite. Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, boti ya Che Duwa ikubwerera mkuja, mukafunse kwa wogulitsayo. Iwo ankazengereza chifukwa cha mtengo uja. Ndinati masiku ochepa sangawononge zaka zonsezi. Ndimakumbukira kuti ndinalankhula mokweza, monga amachitira munthu wodziwa zinthu.

Tsiku lotsatira lonse analithera pansi pa mgwalangwa ndi khala ndi phale lalikulu, kufunafuna chithunzi chonena kuti dikira, ndikubwera. Anajambula mapazi opita ndi mapazi obwera. Woyamba kumuonetsa anati ndi njira ya kuchimbudzi. Anajambula mpando wopanda munthu, mayi wina anafunsa ngati pano ayamba kugulitsa mipando. Anajambula boti ndi madzuwa asanu ndi awiri, mkulu wina anati ndi mankhwala a chizungulire cha panyanja, akumwa sabata imodzi. Ndinaseka. Iwo sanaseke. Ankazungulira mtengowo akudzilankhulira kuti nsomba imajambulika, moto umajambulika, ngakhale imfa imajambulika, koma kudikira kulibe thupi. Ndinawapempha kuti asiye chimodzi mwa zithunzizo ngakhale chalephera mayeso. Anakana, anati Siyatu akaona boti adzakwera boti. Anafufuta zonse ndi mchenga.

Ndiye ndinati ndilembe ndi zilembo, wina adzamuwerengera. Anavomera. Ndinalemba pa katoni m'Chichewa ndi m'Chiyao changa chothyokathyoka, ndinaimangirira pamtengo, ndipo ndinalonjeza kuti ndizidutsapo tsiku lililonse. Miphika yawo anaitsekera m'nyumba kuopa ana. Za ulendowo sanauze anthu a pamsika, poti kwawo ulendo waukulu sulengezedwa usanachitike.

Masiku awiri oyamba ndinadutsapo. Lachitatu ndinapeza chingwe chokha, katoni itadyedwa ndi mbuzi. Ndinati ndilemba ina mawa. Mawa lake kuchipatala kunabwera ana ambiri otsegula m'mimba, ndinatuluka nditatopa, ndinatinso mawa. Sindidzikhululukira ndi odwalawo, chifukwa kulemba katoni sikutenga nthawi yophika tiyi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, lole yochokera njira ya kumtunda inatsitsa mayi wachitsikana ndi ana awiri. Amene anamuona ndi Nangozo, wokazinga mandasi pafupi ndi mtengowo, mlendo wochokera ku Ntcheu wosamva Chiyao, yemwe anali atayambanapo ndi Abiti Saidi pa nkhani ya utsi. Akuti mayiyo anali ndi mphika pamutu. Anautsitsa n'kumayang'ana pakhosi pake, kuyang'ana mlatho, kuyang'ana mgwalangwa. Anafunsa dzina lina lomwe kuno palibe ankalidziwa, dzina la kumudzi la Abiti Saidi. Atalephera kumvana analozera Nangozo chipeso cha pamphikapo. Nangozo anayankha zoona zokhazokha, ndi manja: woumba uja anakwera boti ndi mtolo wake, wapita uko. Analoza kutsidya.

Mayiyo anakhala pamizu ya mtengowo mpaka ana atayamba kulira njala. Pamalopo panali posesedwa, popanda mphika, popanda phulusa lofunda, ngati pa munthu amene wasamuka. Masiku amenewo aliyense wa ku Mozambiki akachoka ndi mtolo ankakhala kuti wabwerera kwawo. Anabwereka mpeni kwa Nangozo, anagoba kena kake pathunthu la mgwalangwa, n'kukwera lole yopita kumalire.

Abiti Saidi anabwerako patatha masiku atatu, atapsa ndi dzuwa, ali chimanjamanja. Wogulitsa uja anawalozera mudzi, kumudziko anawauza kuti woumba wamanzere wanyamuka ndi ana ake kukafuna amake ku Mangochi. Mayi anadzera panyanja, mwana anadzera pamsewu. Ndinawachingamira padoko. Anafika pamtengo, anaona chipeso chogobedwa chatsopano, utomoni usanaume bwino, tizipeso tiwiri m'munsi mwake. Anaika chala pa dzino lothyokalo. Sanalire. Ndinawaululira za katoni, anangoti zilembo ndi ndiwo za mbuzi, ndipo sanazitchulenso moyo wawo wonse. Kukanakhala bwino akananditukwana.

Anazungulira mtengowo kawiri, kenaka anaima.

"Mtsuko, amwali. Ndikanasiya mtsuko wa madzi, chikho pamwamba. Munthu akapeza madzi ozizira amadziwa kuti mwini wake sali patali. Ndinatha tsiku lonse kufuna chojambula, chinthucho ndikusenza pamutu m'mawa uliwonse."

Anatumiza mauthenga kumalire ndi kwa Che Amadu, koma Siyatu kumudzi sanafike, ndipo ku Makanjira sanabwerere. Midzi yambiri ku Mozambikiko inali itasuntha chifukwa cha mabomba okwiriridwa pansi, anthu ankakhala pomwe apeza malo. Ena ankati Abiti Saidi amutsatire. Iwo ankati achoka kamodzi, zakwana, mwanayo njira waidziwa tsopano. Kuyambira tsiku limenelo mtsuko unakhala pamizu ya mgwalangwa, wodzaza, chikho pamwamba. Popita kumzikiti ankaudzaza, popita kukakumba dongo ankaudzaza. Mlatho watsopano utamangidwa anasowa mtendere mwezi wonse, kuyerekeza chithunzi chawo ndi mlathowo, mpaka anthu atatu atawatsimikizira kuti mlatho ndi mlatho. Anthu ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo n'kumayankha kuti nkhono sinataye mwana. Maso atayamba kufooka ankandikoka dzanja lole ikaima, kuti ndiwauze ngati mwa otsikawo muli mayi wonyamula katundu ndi dzanja lamanzere. Ndinkawauza zoona nthawi zonse, chifukwa bodza ankalinunkhiza.

Atagonekedwa m'chipatala sabata yawo yomaliza, mtsukowo ndinkadzaza ndine, ndipo ulendo uno sindinaphonye tsiku. Atamwalira ndinapitirizabe, masiku onse makumi anayi, osadziwa poimira. Koma dzulo pochoka pa sadaka zinandivuta. Madzi amenewo amanena kuti mwini wake ali pafupi. Siyatu atati atsike lero, ndi imvi zake, angakhale pamizupo kudikira munthu amene sadzabwera, ndipo ndikhala nditamunamiza kachiwiri.

Lero m'mawa ndinapita pamgwalangwa paja. Ndinathira madziwo pamizu ya mtengo, ndinavundikira mtsukowo kamwa pansi, n'kuika chikho chovundikiranso pambali pake. Kenaka ndinakakhala patali, nditatseka pakamwa, kudikira anthu atatu osawadziwa. Woyamba anali bambo wokankha njinga ya makala. Anayang'ana, anachepetsa liwiro n'kuvula chipewa. Wachiwiri, mayi wobereka mwana, anali akuyimba, ndipo anasiya nyimbo n'kulambalala. Wachitatu anali nkhalamba ya mkanjo woyera yomwe inatsika basi ya ku Monkey Bay. Inaima, inatambasula manja n'kunong'ona mawu aja Asilamu amanena akamva za maliro. Palibe anaphonya.

Pamalopo tsopano pali mtsuko wovundikira, mwala wawo wokulungizira, ndi dothi lolimba lozungulira mtengo pomwe mapazi awo anapondaponda mpaka udzu unaleka kumera. Chipeso chija chikadali pathunthu, chakuda ndi mafuta a chala chawo. Malole akutsitsabe anthu pamlatho, ndipo ndazindikira kuti wotsika aliyense ndikumuyang'ana dzanja lomwe wanyamulira katundu.